N'chifukwa chiyani magalimoto a masiku ano amaphwanyika ngati chitini?

Pakachitika ngozi pamsewu, anthu akazungulira galimoto yophwanyikayo, sipalephera kumveka mawu akuti, "Magalimoto a masiku ano ndi zitini basi, akale aja ndiye anali chitsulo chenicheni." Akuluakulu amayamba kukumbukira Peugeot 504 ndi Land Rover zakale, zomwe akuti zinkagunda mtengo n'kungokandika penti. Ndipo mbali ina akunena zoona. Galimoto yatsopano ikagunda chinthu, kutsogolo kwake kumapindikadi ngati pepala. Koma pomwe akulakwitsa ndi poganiza kuti opanga magalimoto akuumira chitsulo. Kupindikako anakukonza dala, ndipo kwapulumutsa anthu ambirimbiri.

Tiyambe ndi zomwe mumaphunzira mu Physics. Chinthu chilichonse chomwe chikuyenda chimakhala ndi mphamvu yotchedwa kinetic energy, ndipo timaipeza ndi E = ½mv². Tengani galimoto yolemera makilogalamu 1,000, pafupifupi kulemera kwa Vitz. Ikamathamanga makilomita 50 pa ola, ndiye kuti pa sekondi iliyonse ikudutsa mamita 13.9. Mukawerengera, mupeza ma joule pafupifupi 96,000. Nambalayi payokha siikuuzani zambiri, ndiye iganizireni motere: kugunda khoma pa liwiro limeneli n'chimodzimodzi kugwetsa galimotoyo kuchokera pamwamba potalika mamita 10, ngati padenga la nyumba yosanjikizana katatu.

Tsopano yang'anitsitsani ka 2 kali pamwamba pa v kaja. Kameneko ndiye koopsa. Dalaivala akawonjezera liwiro kuchoka pa 50 kufika pa 100, mphamvu siiwirikiza kawiri ayi, imawirikiza kanayi, n'kufika pafupifupi ma joule 386,000. Apa ndiye kuti mwagwa kuchokera pa mamita 39. Choncho dalaivala wa minibasi akamati "ndangowonjezera pang'ono kuti tifike msanga," masamu ake sakugwirizana ndi a chilengedwe.

Mphamvu siitayika, imangosintha maonekedwe. Galimoto ikaima ndi mabuleki, mphamvu yonse ija imasanduka kutentha, n'chifukwa chake mabuleki amanunkha kupsa galimoto yolemera ikamatsika mtsetse wautali ngati wa ku Chikwawa kuchokera ku Blantyre. Pangozi palibe nthawi yoti izi zichitike. Mphamvu ija iyenera kupita kwinakwake m'kanthawi kosakwana kuphethira kwa diso. Ndiye ipite kuti? Malo alipo awiri: m'chitsulo, kapena m'matupi a anthu okhala m'katimo.

Pali kayesedwe kosavuta komwe mungachite kunyumba, bola mupemphe kaye dzira kwa amayi. Anzanu awiri agwire chitenje mochilendewetsa, inu muponye dzira pakati pake mwamphamvu. Dziralo silisweka (kupatula ngati mwaphonya chitenjecho). Liponyeni pakhoma ndi mphamvu yomweyo, mwadziwa kale zotsatira zake. Liwiro ndi lomwelo, dzira ndi lomwelo. Chasintha ndi mtunda womwe dziralo layenda likuima. Chitenje chimabwerera m'mbuyo n'kuliimitsa pang'onopang'ono, pomwe khoma limaliimitsa nthawi yomweyo. Ndi chifukwa chomwechi mumapinda mawondo mukadumpha mumtengo wa mango, ndipo goloboyi amabweza manja m'mbuyo akamawakha mpira wamphamvu.

M'masamu, force yomwe ikuimitsa chinthu imapezeka pogawa mphamvu ija ndi mtunda woimira. Galimoto yolimba kwambiri, yomwe yangopindika masentimita 10, imaima ndi force ya ma newton 960,000. Ina yomwe kutsogolo kwake kwapindika masentimita 50 imaima ndi ma newton 192,000. Mwaona? Yatsika kasanu. Boneti lopindika lija ndi chitenje cha anthu ali m'galimotomo.

Yemwe anabwera ndi nzeru imeneyi ndi injiniya wa kampani ya Daimler-Benz dzina lake Béla Barényi. Iye anagawa galimoto m'zigawo zitatu: kutsogolo ndi kumbuyo kopindika mosavuta, ndi chipinda chapakati cholimba kwambiri, momwe mumakhala anthu. Nzeruyi inalembetsedwa mwalamulo ku Germany mu 1952, ndipo inaoneka mokwanira pa Mercedes-Benz W111 ya mu 1959. Mbali zopindikazi pa Chingerezi amati crumple zone. Ngati mukukayikabe, sakani pa YouTube kanema wa mu 2009 wa bungwe la ku America la Insurance Institute for Highway Safety. Anawombanitsa Chevrolet Bel Air ya mu 1959 ndi Chevrolet Malibu ya mu 2009. "Chitsulo chenicheni" chija chinaphwanyika mpaka m'chipinda cha dalaivala, chiwongolero n'kulowa m'kati. Chipinda cha galimoto yatsopanoyo chinatsala pafupifupi momwe chinalili.

Komatu crumple zone imathandiza munthu yemwe akuima limodzi ndi galimoto. Pangozi imodzi pamakhala kugunda katatu. Koyamba galimoto imagunda chinthu. Kachiwiri thupi lanu, lomwe likupitirizabe kuyenda pa liwiro lakale lija monga lamulo loyamba la Newton limanenera, limagunda chiwongolero, galasi kapena mpando wakutsogolo. Kachitatu ziwalo zam'kati, monga ubongo ndi chiwindi, zimagunda chigaza ndi nthiti. Lamba ndi amene amakumangirirani ku galimoto kuti nanunso mupindule ndi masentimita 50 aja. Lamba wodutsa pachifuwa ndi m'chiuno yemwe timamudziwayu anapangidwa ndi Nils Bohlin wa ku Volvo mu 1959, ndipo Volvo inalola makampani ena onse kumugwiritsa ntchito kwaulere. Airbag imafufuma m'kanthawi kosakwana gawo limodzi mwa magawo 20 a sekondi, koma inapangidwa kuti izithandizana ndi lamba. Popanda lamba, iyonso ikhoza kukuvulazani.

Nanga mwana wokhala pamiyendo? Izi timaziona tsiku ndi tsiku mu Sienta ndi m'maminibasi. Galimoto ikaima kuchoka pa makilomita 50 pa ola m'masentimita 50, chilichonse chili m'kati chimakhala ngati chalemera kuwirikiza ka 20. Mwana wa makilogalamu 10 amakoka manja ngati makilogalamu 200. Amenewo ndi matumba anayi a chimanga, ndipo palibe mayi kapena bambo angawagwire ndi manja, ngakhale amukonde chotani mwanayo.

Kugunda kwachitatu kuja ndi komwe kumapusitsa anthu. Munthu amatuluka m'galimoto akuyenda bwinobwino, alibe bala, n'kunena kuti "ndili bho, ndikupita kunyumba." Chonsecho magazi akhoza kukhala akutayikira m'mimba kapena m'mutu, ndipo zizindikiro zimadzaoneka patapita maola. Aliyense amene anali m'galimoto yomwe yagunda mwamphamvu akaonedwe kuchipatala. Ndipo mukapezeka pamalo a ngozi, musathamangire kukoka wovulala yemwe akudandaula khosi kapena msana, pokhapokha ngati pali moto kapena choopsa china. Kumupinda khosi kukhoza kumupuwalitsa moyo wake wonse.

Anthu akapulumuka, imatsala nkhani ya galimoto. Apa ndi pomwe pamabwera inshuwalansi, yomwenso ndi masamu okhaokha. Palibe yemwe angadziwe kuti galimoto iti ichita ngozi chaka chino. Koma mukasonkhanitsa magalimoto ambiri, chiwerengero cha ngozi chimayamba kulosereka. Ponyani ndalama yachitsulo kanayi, mwina igwera mbali imodzi kanayi konse. Iponyeni ka 1,000, mbali iliyonse itenga pafupifupi theka. Katswiri wa masamu wa ku Switzerland, Jacob Bernoulli, ndi amene anatsimikizira mfundo imeneyi, ndipo ntchito yakeyo inasindikizidwa mu 1713 iye atamwalira kale. Tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti timvetse. Pali eni magalimoto 1,000, ndipo pachaka 20 mwa iwo amachita ngozi yofuna K3,000,000 aliyense. Zonse pamodzi ndi K60,000,000. Aliyense akasonkha K60,000, ndiye kuti 20 aja athandizidwa. Kampani imawonjezerapo zoyendetsera ntchito ndi phindu lake, koma mutu wa nkhani ndi womwewo. Amene anazolowera chipereganyu kapena zopereka za maliro kumpingo sangaone chachilendo.

M'Malawi muno lamulo limafuna kuti galimoto iliyonse yoyenda pamsewu ikhale ndi inshuwalansi ya third party. Anthu ambiri amaimva molakwika. Imeneyi imalipira anthu ena omwe inu mwawavulaza kapena kuwawonongera katundu, koma galimoto yanu siiyang'ana n'komwe. Yokonza galimoto yanunso ndi comprehensive, yomwe ndi yokwera mtengo, ndipo nayo nthawi zambiri pamakhala kagawo komwe mwiniwake amalipira yekha, kotchedwa excess. Ngozi ikachitika, pamafunika kudziwitsa apolisi kuti pakhale lipoti, kujambula zithunzi zinthu zisanasunthidwe ngati n'zotheka, ndi kuuza kampani mwamsanga. Cholakwika chomwe ambiri amachita ndi kuthamangira nayo kugalaji. Kampani imafuna kutumiza kaye katswiri wake kuti aone kuwonongekako ndi maso, ndipo ngati mwakonza kale, mkangano wayamba. Dalaivala akapezeka kuti anali ataledzera kapena analibe laisensi, kampani ikhoza kukana kukonza galimoto yakeyo.

Katswiri uja amafanizira zinthu ziwiri: ndalama zokonzera, ndi mtengo womwe galimotoyo ikanagulitsidwa tsiku la ngozi isanagundidwe. Osati mtengo womwe munagulira, chifukwa inshuwalansi imangokubwezerani pomwe munali, siikulemeretsani. Zokonzera zikayandikira kapena kupitirira mtengo wa galimotoyo, amati write-off, n'kupereka ndalama m'malo mokonza. Eni ake ambiri amakwiya apa. Amati, "Koma injini ikulira bwinobwino, ndipo mmisiri wanga wati awongola!"

Mmisiriyo akhozadi kuwongola, ndipo amisiri athu ali ndi luso lodabwitsa. Chitseko kapena bampa, palibe vuto. Vuto lili pa zitsulo zam'kati zomwe zimanyamula galimoto. Amene munapangapo magalimoto a mawaya muli ana mukudziwa momwe timadulira waya popanda pulayazi: kuupinda uku ndi uku pamalo amodzi. Pamalopo pamatentha, pamayamba kuuma, kenako pamathyoka. Chitsulo chikapindika mopitirira muyezo, kapangidwe kake ka m'kati kamasintha, ndipo chimataya kufewa komwe kumachilola kupindika chisanathyoke. Kuchiwotcha ndi moto kuti chiwongoke kumawononganso kulimba kwa zitsulo zina zamakono. Crumple zone imagwira ntchito bwino kamodzi kokha. Yowongoledwa imaoneka yatsopano ikapakidwa penti, koma pangozi yachiwiri siipindika momwe anaikonzera. Onjezerani ma airbag omwe aphulika, ndi malamba omwe anakokedwa mwamphamvu, zonse zofunika kusintha, mumvetsa chifukwa chake galimoto yooneka yosawonongeka kwenikweni imatha kulembedwa kuti yatha.

Chimodzimodzinso helemeti ya pa kabaza. M'kati mwake muli chinthu choyera chopepuka, chofanana ndi chomwe amatetezera TV yatsopano m'katoni. Chimenecho ndi crumple zone ya mutu wanu. Chikaphwanyika kamodzi sichibwereranso, ngakhale kunja kwa helemeti kukuoneka bwino.

Magalimoto ambiri pamisewu yathu anagwirapo kale ntchito kwina, makamaka ku Japan, ndipo ena amagulitsidwanso kangapo konkuno. Kunyumba kwanu akamagula yotere, pali zinthu zomwe inunso mungathandize kuyang'ana. Onani ngati mipata ya pakati pa boneti, zitseko ndi thupi la galimoto ndi yofanana mbali zonse ziwiri. Tsegulani boneti muone ngati pali malo owotcherera kapena penti yosiyana mtundu pa zitsulo zam'mbali. Kenako yang'anani kanyali ka airbag kutsogolo kwa dalaivala pomwe akutembenuza kiyi. Kamayenera kuyaka kwa masekondi angapo, kenako n'kuzima kokha. Kakapitiriza kuyaka, pali vuto. Kakapanda kuyaka n'komwe, mwina wina anakazimitsa dala kuti abise zoti m'chiwongoleromo mulibe kanthu.