Ndalama zoyambira moyo kwa Amalawi obwerera kumudzi

Thandizo la ndalama kwa obwerera kwawo mwa kufuna kwawo ndi dongosolo lomwe boma kapena mabungwe amalipira ulendo wa munthu amene zamuvuta kunja, ndipo akafika amamupatsa kangachepe koti ayambire moyo. Zimenezi n'zosiyana ndi kuthamangitsidwa. Mmalawi amene wagwidwa opanda mapepala ku South Africa n'kutsekeredwa ku Lindela, kufupi ndi Krugersdorp, sasankha tsiku kapena njira yobwerera. Wobwerera mwa kufuna kwake amapempha yekha, amauzidwa zomwe akapeze kwawo, ndipo ali ndi ufulu wosintha maganizo asanakwere basi kapena ndege. Bungwe loona za anthu osamuka la IOM, lomwe lili ndi ofesi mu Lilongwe, linayamba ntchito yotereyi ku Germany m'chaka cha 1979.

Kuti wochokera kunja azifika ndi ndalama m'thumba si nkhani yachilendo ku Malawi. Amuna amene ankapita kumigodi kudzera ku Wenela sankalandira malipiro awo onse ku Joni. Gawo lina linkasungidwa kuti adzalandire akafika kuno, ndipo n'zimene zinagula malata, njinga ndi makina osokera m'midzi yambiri. Ndege itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70 ochokera kumigodi, Dr Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu. Ntchitoyi inayambiranso patapita zaka zochepa kudzera ku bungwe la Theba, koma inatha cha mu 1988 pa mkangano wokhudza kuyeza magazi. Kuyambira pamenepo anthu a ku Mangochi, Machinga, Mzimba ndi Nkhata Bay akhala akupita okha, kudzera ku Dedza kapena ku Mwanza, kudutsa Tete mpaka Beitbridge, popanda mgwirizano uliwonse wowasungira kanthu. Zikavuta, amabwera chimanjamanja.

Zinavutadi kangapo. Mu Meyi 2008 chipolowe chodana ndi anthu obwera chinayambira ku Alexandra, m'dziko la South Africa, ndipo anthu 62 anaphedwa. Mu Epulo 2015 chinabuka ku Durban, boma la Malawi linatumiza mabasi, ndipo anthu zikwi anabwerera, ena ali ndi zovala za m'thupi zokha. Mu 2019 IOM inathandiza kubweretsa Amalawi ena amene anathamangitsidwa m'nyumba zawo ku Durban komweko. Mu Meyi 2020, mliri wa Covid-19 utatseka ntchito, anthu mazana amene anabwera pa mabasi anathawa pa bwalo la Kamuzu ku Blantyre, pomwe ankadikira zotsatira za kuyezedwa, akudandaula za chakudya ndi pogona. Masiku ano pawonjezekanso amayi amene ananamizidwa ntchito zam'nyumba ku Oman, omwe amatera pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi ali ndi mabala m'thupi ndi mumtima.

Thandizoli limayenda m'magawo. Loyamba limachitika kunja komweko: kulembetsa, kufunsidwa ngati munthu watsimikizadi, kuyezedwa ngati angathe kuyenda, ndi kupeza chikalata choyendera ku ofesi ya kazembe ngati pasipoti inatayika kapena inatha. Lachiwiri ndi ulendo weniweniwo, pamodzi ndi ndalama zochepa za chakudya ndi zokwerera minibasi mpaka kumudzi. Lachitatu, lomwe ndi lovuta komanso losapezeka kwa aliyense, ndi mpamba. Wobwererayo amakhala pansi ndi mlangizi n'kukonza zomwe akufuna kuchita, kaya okala, kusoka, kuweta mbuzi kapena kuphunzira luso lamanja. Nthawi zina bungwe limagula katunduyo lokha, nthawi zina limapereka ndalama pamanja, kubanki, kapena kudzera pa Airtel Money ndi TNM Mpamba.

Mu Lilongwe nkhaniyi imadutsa mbali zonse za mzinda. Ku Capital Hill kuli maunduna oona za maubale ndi mayiko ena komanso chitetezo cha m'dziko, ndipo pa nthawi ya chipolowe nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA imalowererapo polandira anthu. Mayiko ndi mabungwe amene amapereka ndalamazo ali ndi maofesi awo cha ku City Centre ndi m'madera abata monga Area 10 ndi Area 43. Koma ndalamayo imakayesedwa ku Old Town: padepoti, mu msewu wa Malangalanga, ndi pamsika wa Tsoka m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, pomwe mtengo wa belo ya kaunjika susamala za bajeti yomwe inalembedwa chaka chatha. Ndalama ya kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse mu Novembala 2023, mpamba womwe unkadzaza okala unayamba kugula pafupifupi theka la katundu.

Amene amakonda kupereka ndalama osati katundu ali ndi mfundo yomveka. Munthu amadziwa yekha chomwe chikumufinya. Wina anagulitsa munda kapena kukongola katapila kuti apeze ya transipoti yopitira ku Joni, ndipo kumupatsa makina osokera ngongole isanathe n'kumuuza kuti awagulitse sabata yomweyo. Wina akufunika lendi ya miyezi itatu kapena fizi ya mwana asanaganize za bizinesi. Ndalama imalemekezanso munthu, ndipo izi si zazing'ono kwa amene abale ankamudalira ndipo tsopano akumunong'ona kuti wabwera wopanda kanthu. Manyazi amenewa ndi amene amachititsa ena kutchona, kapena kukakamira m'tauni osafika kumudzi.

Zovuta zake ziliponso. Ndalama ikafika pakhomo pomwe pali njala imathera ufa ndi ndiwo, ndipo palibe angadzudzule. Ikachedwa miyezi, wobwererayo amakhala atakongola kale, kapena atakweranso basi. Kulandira pa foni kumafuna nambala yolembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, pamene ambiri anali kunja nthawi ya kalembera wa 2017. Anthu am'mudzi amene sanapite kulikonse koma ndi osauka chimodzimodzi amaona ngati wothawa kwawo ndiye akupatsidwa mphoto, n'chifukwa chake mapulogalamu abwino amaika gawo lina pa ntchito zopindulira mudzi wonse. Mtukula Pakhomo, yemwe anayambira ku Mchinji mu 2006, anasonyeza kuti Malawi angathe kugawa ndalama mwadongosolo, koma amalunjika mabanja ovutikitsitsa opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito. Mnyamata wa zaka 28 wochokera ku Durban salowamo.

Mgwirizano wa mayiko wokhudza anthu osamuka womwe unavomerezedwa ku Marrakech mu 2018 umati mayiko azithandizana kuti obwerera afike mwaulemu ndi kukhazikika kwawo. Ku Malawi gawo la kukhazikikali likudalirabe kwambiri abwenzi akunja, ndipo pulojekiti ikatha thandizo limathera pomwepo. Boma limathamanga kupeza mabasi chipolowe chikabuka, ndipo n'koyenera kutero. Chomwe chikufunika tsopano ndi thumba lokhazikika mu bajeti ya dziko, lokwera limodzi ndi mitengo ya pamsika, loti wotsika padepoti ya Old Town alandire mpamba wake mwezi usanathe.