Kiyi wa Kaundula: Mmene Mapulogalamu a AI Amafikira Zolembedwa za mu Ofesi

Kaundula wa mudzi sakhalanso m'kabati mokha. Mayina a mabanja olandira Mtukula Pakhomo, mndandanda wa mijigo yowonongeka, chiwerengero cha mabwato ndi makoka m'madoko a Bandawe, zonsezi zikachoka m'kope zimalembedwa mu kompyuta. Maofesi ambiri tsopano amasunga zolembedwa zotere pa cloud, kutanthauza makompyuta akuluakulu a makampani monga Google ndi Microsoft, omwe ali kutali ndipo amafikiridwa kudzera pa intaneti.

Mapulogalamu a AI monga ChatGPT, Gemini ndi Claude amayankha mafunso ngati munthu, koma paokha sangathe kutsegula kaundula wa ofesi iliyonse. Pamafunika mlatho. Kuyambira 2009, Google ili ndi chida chotchedwa Apps Script, chomwe munthu wodziwa kulemba malamulo a kompyuta amagwiritsa ntchito pouza Google Sheets, Google Drive kapena Gmail zochita. Sayamba zonse yekha. Amabwereka library, womwe ndi mtolo wa malamulo olembedwa kale ndi akatswiri ena, monga mmisiri wa matabwa amagulira mahinjesi m'sitolo m'malo mosula ake. Mu November 2024 kampani ya Anthropic inatulutsa Model Context Protocol, njira imodzi yogwirizana yomwe AI imapemphera zolembedwa, ndipo mu 2025 OpenAI ndi Google anayamba kuitsatira.

Mlathowo ukamangidwa, mlembi wa ADC angathe kufunsa kuti ndi mijigo ingati pakati pa Chintheche ndi Kande yomwe yatha miyezi itatu isakutulutsa madzi. AI imatumiza pempho, script imatsegula kaundula ndi kutenga mizere yoyenera, yankho n'kubwera mlembiyo asanatsirize kumwa tiyi. Ntchito yomwe ikanadya tsiku lathunthu yathera pomwepo.

Nkhani yaikulu ili pa chilolezo. Script isanayambe kugwira ntchito, Google imafunsa mwini akaunti kuti avomereze zomwe idzaloledwa kuchita. Ikhoza kupatsidwa mphamvu yongowerenga, kapena yowerenga, kusintha ndi kufufuta. Kusiyana kwake n'kwakukulu. Wogwira ntchito amene wavomera zonse mothamanga wapereka kiyi wa nyumba yonse kwa mlendo yemwe anangopempha madzi akumwa. Komanso library yolembedwa ndi munthu wosadziwika imagwira ntchito ndi mphamvu zomwezo, choncho iyenera kuwerengedwa ndi wodziwa isanaloledwe pafupi ndi mayina a anthu.

Pali vuto lina lomwe likukhudza dera lino mwapadera. AI inaphunzira kwambiri kuchokera ku zolembedwa za Chingerezi. Chichewa imachidziwa pang'ono, Chitonga ndiye pang'ono zedi. M'mudzi momwe a Chirwa, a Banda ndi a Mhone ali ambirimbiri, ndipo dzina limodzi limalembedwa m'njira ziwiri kapena zitatu, pulogalamuyi ikhoza kuyesa anthu awiri ngati mmodzi n'kunena molimba mtima kuti wina walembedwa kawiri. Ikakhala ndi mphamvu yofufuta, gogo wolera ana amasiye angazindikire kuti dzina lake lasowa pa tsiku lolandira ndalama. N'chifukwa chake n'kwanzeru kuti AI izingowerenga ndi kupereka maganizo, koma kuchotsa kapena kuwonjezera dzina kuzichitidwa ndi munthu amene angafunsidwe pamaso pa a mfumu ndi VDC.

Lamulo la Data Protection Act la 2024, lomwe bungwe la MACRA limayang'anira, limapatsa munthu aliyense ufulu wodziwa zomwe zalembedwa zokhudza iye ndiponso wopempha kuti zolakwika zikonzedwe. Ofesi kapena bungwe lililonse likabwera kudzalemba mayina, nzika zili ndi ufulu wofunsa komwe mayinawo akasungidwe, amene adzawaone, ndiponso ngati pulogalamu ya AI yaloledwa kuwasintha.