Chinyumba Chotsekera Cheza: Mmene Amachiyesera Ngati Sichikudontha

Wokonza njinga pafupi ndi msika wa Mzuzu akafuna kudziŵa pamene chubu chaphulika, amachipopa mpweya nachiviika m'beseni la madzi, ndipo pamene patuluka thovu ndi pomwepo pali chiboo. Nzeru yomweyi, itakulitsidwa kwambiri, ndiyo imene akatswiri amagwiritsa ntchito poyesa nyumba zopangira magetsi a nyukiliya.

M'Malaŵi muno mulibe nyumba yotere. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera m'madzi a mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Komabe nkhaniyi siili kutali ndi Chigawo cha Kumpoto, pakuti ku Kayelekera, m'boma la Karonga, kuli mgodi wa uraniyamu umene unatsegulidwa mu 2009, unaima mu 2014, nuyambanso ntchito mu 2025. Uraniyamu ameneyu ndiye nkhuni za nyumba zotere. Ndiponso ku Koeberg, makilomita pafupifupi 30 kumpoto kwa mzinda wa Cape Town, kumene Amalaŵi ambiri amagwira ntchito, kuli mariyakitala aŵiri a bungwe la Eskom, amene anayamba kupanga magetsi mu 1984 ndi mu 1985.

M'kati mwa riyakitala, tinthu ta uraniyamu timagaŵika ndi kutulutsa kutentha kwakukulu. Kutenthako kumaŵiritsa madzi, nthunzi yake nkuzunguza makina opanga magetsi. Choopsa chake nchakuti pamodzi ndi kutenthako pamabadwa zinthu zotulutsa cheza chosaoneka ndi maso, chimene chingadwalitse munthu khansa ndi kuipitsa nthaka kwa zaka zambiri. Tsono amisiri anaika mipanda itatu. Woyamba ndi timachubu tachitsulo m'mene muli uraniyamuyo. Wachiŵiri ndi chimphika chachitsulo pamodzi ndi mipope yake. Wachitatu, umene uli womaliza, ndi chinyumba chozungulira cha konkire, chadenga looneka ngati chipanda chovundikira. Khoma lake nlokhuthala pafupifupi mita imodzi, lili ndi nsambo zachitsulo zokokedwa zolimba m'kati mwake, ndipo mbali yake ya m'kati inakutidwa ndi chitsulo chopyapyala chooteza mpweya kutuluka.

Mbiri inaonetsa kale phindu la chinyumbachi. Pa 28 March 1979, ku Three Mile Island m'dziko la America, gawo lalikulu la mtima wa riyakitala linasungunuka, koma chinyumbacho chinagwira, ndipo cheza chimene chinatuluka chinali chochepa. Ku Chernobyl, pa 26 April 1986, kunalibe chinyumba chotere. Riyakitala itaphulika, fumbi lake linauluka ndi mphepo mpaka ku maiko akutali a ku Ulaya. Ku Fukushima, mu March 2011, zinyumbazo zinalipo, koma kutentha ndi kupanikizika kwa nthunzi zinapitirira muyeso wake, ndipo zinadontha.

Koma chinyumbachi si mwala wopanda khomo. Mipope ya madzi ndi ya nthunzi imaboola khomalo, nthambo za magetsi nazonso, ndipo pali zitseko zoloŵera antchito ndi chipata chachikulu choloŵetsera makina. Paliponse pamene paloŵa kanthu, pomwepo pangathe kutulukira mpweya. Nchifukwa chake mavavu, zitseko ndi mphira zotsekera m'mphepete mwake zimayesedwa pazokha kaŵirikaŵiri, ndipo nthaŵi zambiri chilema chikapezeka chimapezeka m'malo ameneŵa, osati m'khoma lenilenilo.

Mayeso aakulu, oyesa chinyumba chonse nthaŵi imodzi, ku Koeberg amachitika kamodzi pa zaka 10. Riyakitala amayamba aizimitsa. Anthu onse amatuluka, zitseko nkutsekedwa, ndipo makina opopa amayamba kuloŵetsamo mpweya wouma pang'onopang'ono kufikira utafika pafupifupi mabaa 4 pamwamba pa mpweya wakunja. Muyeso umenewu nwoyandikira kaŵiri wa mpweya wa m'tayala la galimoto, ndipo wina angaupepule. Koma khoma lililonse lotalika mita imodzi ndi kutambasuka mita imodzi limakhala likukankhidwa ndi mphamvu yolingana ndi katundu wa matani 40. Umu ndi mmene zingakhalire mpope waukulu utaphulika m'katimo, madzi otentha nkusanduka nthunzi nthaŵi yomweyo.

Apa mpamene pagona luso. Chinyumba chachikulu chonchi sichingaviikidwe m'beseni, choncho akatswiri amayesa kuchuluka kwa mpweya wotsalamo ola ndi ola. Vuto lake aliyense wa Sacramento, monga amatchulidwira akabaza a njinga ku Mzuzu, amalidziŵa: tayala limene linali lolimba masana dzuŵa likuswa mtengo, mmaŵa wozizira wa mwezi wa June limapezeka lofeŵerapo ngakhale lisanaboke. Mpweya ukazizira umanyala, ukatentha umatupa. Chotero kutsika kwa muyeso pakokha sikunena kuti pali chiboo. Akatha kupopa, amisiri amadikira maola angapo kuti mpweyawo ukhazikike, ndipo zida zambiri zoikidwa pamwamba, pakati ndi pansi zimaŵerenga kutentha ndi chinyontho. Akachotsera zonsezi m'masamu awo, chotsalacho ndicho kudontha kwenikweni. Lamulo silifuna kuti chinyumba chisataye mpweya ngakhale pang'ono, pakuti chotere palibe anachimangapo. Limangoika malire, amene ndi kagawo kakang'ono ka 1 peresenti ya mpweya wonse pa tsiku. Nthaŵi yomweyo ena amakhala akuyesa mmene khomalo likufufumira, naona ngati ming'alu ikukula, ndipo pamalo okayikitsa amapakapo madzi a sopo, monga momwe amachitira wokonza matayala.

Ku Koeberg kuli mdani wina amene ku Viphya kulibe: mchere. Mphepo ya kunyanja ya Atlantic yakhala ikuthira mchere pa konkire zaka 40, ndipo mcherewo ukaloŵerera umachititsa dzimbiri zitsulo za m'kati. Dzimbiri likatupa limang'amba konkire. Eskom yakhala ikukonza malo oonongekawo, koma mu July 2024, pamene bungwe la National Nuclear Regulator linalola riyakitala yoyamba kugwira ntchito zaka zina 20, mpaka 2044, mayeso aakulu omaliza anali a mu 2015. Magulu ena a anthu a ku Cape Town anadandaula kuti chilolezo chatsogola, umboni nkutsala m'mbuyo, ndipo dandaulo limeneli silinali lopanda pake: khoma lokalamba liyenera kuŵeruzidwa ndi zimene likuonetsa lero, osati za zaka 9 zapitazo. Mayeso otsatira a riyakitala imeneyi anachitika mu 2025, pamene inaimitsidwa miyezi ingapo kuti ikonzedwe, ndipo chaka chomwecho inayambanso kutumiza magetsi.