Za Kunenerera Mtengo pa Msika wa Kariakoo

Cimalizidwire njanji ya TAZARA m'caka ca 1975, anthu ambiri a ku Kitwe, Ndola ndi Mufulira akhala akupita ku Dar es Salaam kukagula nsaru, nsapato ndi ziwiya zodzagulitsa kwao. Njanjiyo ndi ya makilomita 1,860 kucokera pa Kapiri Mposhi kufikira ku nyanja yamcere. Ena mwa apaulendowa amanyamula ndarama zonse zimene analandira posiya nchito ya mu mgodi, ndipo masiku awiri kapena atatu a pa msika ndiwo amaonetsa ngati ndaramazo zidzabala kapena zidzangothera komweko.

Ambiri amalunjika ku Kariakoo. Dzinali linacokera ku mau a Cingerezi akuti Carrier Corps, ndiwo amtengatenga amene ankasenza katundu wa asilikari pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, pakuti msasa wao unali pamenepo. Nyumba yaikuru ya msika inapsa ndi moto mu July 2021, koma malonda ocuruka ali m'miseu yozungulira, monga wa Congo wa zobvala ndi wa Uhuru wa nsaru.

Mtengo woyamba umene wogulitsa amachula si wakuba ai. Uli ngati funso: munthu uyu adziwa kapena sadziwa? Mlendo amadziulula yekha ndi lilime lace, ndi thumba limene walikumbatira pa cifuwa, ndiponso ndi liwiro lace, pakuti mtima wace uli pa ulendo wobwerera. Wogulitsa akaona zimenezi amakweza mtengo, monga momwe amai a pa Cisokone ku Kitwe amacitira ndi mlendo wa ku Kongo. Cotero wamalonda wozolowera sagula kanthu tsiku loyamba. Amangoyendayenda, nafunsa nsaru imodzimodziyo m'masitolo anai kapena asanu, naima pambali kumvetsera ndarama zimene eni mudzi akulipira. Pofika madzulo mtengo weniweni uli m'mutu mwace, ndipo m'mawa mwace palibe angamnamize. Wosacita izi, ngakhale akhale wa pakamwa potani, amanenerera mu mdima: akhoza kudula mtengo pakati nakondwera, osadziwa kuti walipirabe moposa.

Aswahili amalemekeza moni koposa. Wofika pa sitolo nayamba ndi kuloza katundu amayesedwa wamwano. Kwa wamkuru amati "Shikamoo," iye nayankha "Marahaba," ndipo pambuyo pace mpomwe malonda amayamba. Mau ofunika ndi owerengeka: "Bei gani?" ndiko kufunsa mtengo, "Ghali sana" ndiko kuti wakwera kwambiri, "Punguza" ndiko kuti tsitsani. Wogula azinenanso msanga kuti afuna mtengo wa "jumla," wa ogula zambiri pamodzi, osati wa "rejareja," wa cimodzicimodzi. Nsaru ya kanga imagulitsidwa iwiriiwiri, cotero nkwabwino kumvana poyamba ngati mtengowo uli wa ziwiri zonse.

Pobvuta peni-peni ndi pa ciwerengero. "Elfu" ndi 1,000 ndipo "laki" ndi 100,000; "sitini" ndi 60, "sabini" 70, "tisini" 90, ndipo m'phokoso la msika mau amenewa amamveka ofanana. Wanzeru amapempha kuti mtengo ulembedwe pa pepala kapena pa foni. Ndarama ya pepala yaikuru koposa ku Tanzania ndi ya mashilingi 10,000, motero wogula katundu wambiri amakhala ndi mtolo wonenepa. Mtolowo usaturuke wonse pamaso pa wogulitsa, pakuti amene wauona sabvomeranso kuti mnzaceyo ndi wosauka.

Alipo anyamata ochedwa "dalali" amene amadzipereka kuperekeza mlendo. Ena amathandizadi kupeza sitolo yobisika, koma mphotho yao imalowa mu mtengo wa katundu, ndipo woilipira ndi mlendo yemweyo.

Wogula amayamba pansi pa mtengo umene akuudziwa, nakwera pang'onopang'ono, moseka, wosanyoza katundu wa mwini. Akalephera kumvana amatsazika bwino nacoka. Wogulitsa akamuitana, ndiye kuti malo otsitsira analipo, akapanda kumuitana, mtengo unafikadi pansi. Koma munthu akachula yekha mtengo, mwini katundu nabvomera, kubwerera m'mbuyo ndi cipongwe cacikuru. Pamene mtengo wakana kutsika, wogula akhoza kupempha "nyongeza," imene kuno imachedwa mbasela, pakuti ambiri apafupi kuonjeza kanthu kusiyana ndi kucotsa shilingi. Kwa mai wogulitsa nthoci zocepa pambali pa mseu, kulimbana naye cifukwa ca tindarama tiwiri nkosayenera munthu wobvala bwino.

Cotsala ndi masamu a ulendo. Pa mtengo wa ku Kariakoo paonjezedwe za wonyamula katundu, za galimoto kapena sitima, msonkho wa pa cipata ca Nakonde, ndi zimene zinatayika posintha makwaca kukhala mashilingi. Citenje cikapambana mtengo wa pa Cisokone zonsezi zitawerengedwa, cisiyidwe m'sitolo momwemo.