Zilema zimene zimaononga mgwirizano wa malonda

M'miyezi ya njala ya Januwale ndi Febuluwale, alimi ena a ku Nsanama, m'mbali mwa msewu wa Liwonde kupita ku Ntaja, amagulitsa mpunga usanakhwime kuti apeze chimanga cha ana. Ena amatenga katapila. Kodi Shariya imawaona bwanji malonda oterewa?

Surah An-Nisa 4:29 imaika maziko: chuma chisinthe manja mwa kufuna kwa mbali zonse ziwiri. Choncho chilema choyamba ndi ikrah, kukakamiza. M'mazihabu a Imam Shafi'i, amene ambiri kuno amatsata, munthu akaumirizidwa ndi chiopsezo kugulitsa mbuzi kapena njinga yake popanda chilungamo, malondawo sanachitike.

Chachiwiri ndi gharar, kusadziwika kwa chogulitsidwa. Mtumiki Muhammad (SAW) adaletsa kugulitsa mbewu zisanaonetse kukhwima, pakuti chilala kapena madzi osefukira akaononga munda, mmodzi adzadya ndalama za mnzake pachabe. Matemba amene akadali m'Nyanja ya Chilwa nawonso sagulitsidwa, poti msodzi sanawagwire. Komabe mlimi wosowa ndalama ali ndi khomo lotchedwa salam: wogula alipire mtengo wonse pomwepo, ndipo atchule mtundu wa mpunga, makilogalamu ake ndi tsiku loperekera, osati zokolola za munda wakutiwakuti.

Chachitatu ndi riba. Wobwereketsa thumba limodzi la chimanga kuti adzalandire awiri pokolola wachita chimene Surah Al-Baqarah 2:275 idaletsa. Choyenera kubwezedwa ndi thumba limodzi lokha.

Chinyengo chili ndi lamulo lake. Wobisa chilema, monga kuika nandolo wofumbwa pansi pa thumba, wachimwa, koma malonda sakufa okha. Wogula ali ndi ufulu wobweza katunduyo ndi kulandira ndalama zake, ndipo Ashafi'i amati abweze mwamsanga akangozindikira. Wosokoneza sikelo, amene Surah Al-Mutaffifin imamuchenjeza, ayenera kubweza zimene adapungula.

Malonda akaonongeka, aliyense abweze chimene adalandira, pakuti chuma chotero sichisanduka halali ngakhale papite zaka. Musanagwirane chanza, onani katundu, yezani pamaso pa onse awiri, ndipo ngongole ilembedwe pali mboni, monga Al-Baqarah 2:282 ilangizira. Allah ndiye Wodziwa koposa.