Potifoliyo ya pa intaneti izisunga zolakwa za wophunzira sayansi

Mu 2012, komiti yolangiza Pulezidenti Barack Obama pa za sayansi inadandaula kuti mwa ophunzira 100 alionse olowa m'koleji ku America ndi cholinga chophunzira sayansi, masamu kapena uinjiniya, omaliza ndi digiri ya maphunzirowo safika 40. Ambiri amagwa ulesi m'zaka ziwiri zoyambirira, m'makalasi momwe mphunzitsi mmodzi amalankhula kwa anthu mazanamazana. Njira imodzi yothetsera vutoli inayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ku City College of New York, komwe David Gosser, mphunzitsi wa Chemistry, anagawa ophunzira m'magulu a anthu 6 mpaka 8. Gulu limakumana kwa maola awiri pa sabata, ndipo mtsogoleri wake ndi wophunzira mnzawo yemwe anakhoza bwino phunzirolo posachedwa. Iye sapereka mayankho, koma amafunsa mafunso mpaka anzakewo atatulukira okha njira.

Njirayi ndi yabwino, koma ili ndi polekezera. Mtsogoleri amaona anzake maola awiri okha, ndipo zomwe akambirana zimafufutika limodzi ndi choko pa bolodi. Apa m'pomwe potifoliyo ya pa intaneti imalowera. Ndi tsamba lomwe wophunzira amasungapo ntchito yake, n'kulemba mwachidule zomwe waphunzirapo. Koleji ya LaGuardia, mumzinda womwewo wa New York, inayamba kuigwiritsa ntchito kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo ophunzira achaka choyamba amathandizidwa kukonza masamba awo ndi anzawo omwe ali patsogolo. Mu 2016, bungwe la Association of American Colleges and Universities linaika potifoliyo pa mndandanda wa njira zopindulitsa kwambiri ophunzira.

Komatu phindu lake lagona pa zomwe zaikidwamo. Ikangodzaza ndi masatifiketi, zithunzi zokongola za mu labu ndi malipoti okhoza okhaokha, imathandiza pofuna ntchito, koma mtsogoleri wa gulu saphulamo kanthu. Iye akufunika kuona pomwe maganizo anakhotera. Tiyerekeze wophunzira yemwe akuwerengera kuchuluka kwa asidi m'madzi, ndiye waiwala kusintha mamililita kukhala malita. Yankho lake lasiyana ndi loona maulendo 1,000. Akajambula tsamba la kope lakelo, n'kulemba mizere iwiri yofotokoza mmene anaganizira, mtsogoleri amaona gululo lisanakumane kuti Chemistry akuimva, chamuvuta ndi miyeso. Akapeza kuti anthu anayi apunthwa pamwala womwewo, amadziwa poyambira tsikulo. Wophunzirayonso amapindula, pakuti kufotokoza chifukwa chomwe walakwira ndi kuphunzira kale. Mu 2014, Scott Freeman ndi anzake anaunika pamodzi kafukufuku 225, napeza kuti olephera anali pafupifupi 34 pa 100 m'makalasi ongomvetsera, koma pafupifupi 22 pa 100 m'makalasi momwe ophunzira amatengapo mbali. Kafukufukuyo sankanena za potifoliyo, koma akutsimikiza mfundo yomwe potifoliyo yaimapo.

Otsutsa ali ndi mfundo zomveka. Yaikulu ndi ya manyazi: ndani angafune kuti kulephera kwake kukhale pa intaneti? Nkhawayi ndi yoona, makamaka kwa mwana yemwe ndi woyamba m'banja mwawo kufika ku yunivesite ndipo akudzikayikira kale. N'chifukwa chake mwini tsamba ndiye ayenera kusankha oliona, ndipo zolakwa zolembedwamo zisamachotsetse malikisi. Zikangoyamba kuwerengeredwa pa mayeso, aliyense adzabisa chomwe sakumva, ndipo ntchito yonse idzagwa. Ena amati mtsogoleri, pokhala wophunzira chabe, akhoza kusocheretsa anzake. Zimatheka, koma malangizo olembedwa pa tsamba mphunzitsi amatha kuwawerenga n'kuwakonza, pomwe olankhulidwa m'chipinda sawamva. Za kukopera mayankho sizidetsa nkhawa kwambiri: yankho n'losavuta kuba, koma kufotokoza njira yomwe sunayendemo kumakuulula msanga.

Chotsutsa cholemera kwa ophunzira a ku Zomba, Thyolo kapena Mzuzu ndi mtengo wa bandulo ndi kuthimathima kwa magetsi. Pulogalamu yokha si vuto, popeza Mahara, yomwe inayamba ku New Zealand mu 2006, yunivesite itha kuiika pa makompyuta ake. Chithunzi cha tsamba la kope ndi mizere ingapo sizidya bandulo ngati kanema. Chofuna ndalama zenizeni ndi nthawi ya mtsogoleri, yemwe nayenso ali ndi mayeso ake. Kuwerenga masamba a anthu 8 sabata iliyonse ndi ntchito, ndipo yunivesite yofuna njirayi iyenera kumuphunzitsa kaye, kumupatsa intaneti, ndi kumulipira kapena kumuwerengera ntchitoyo pa maphunziro ake.