Achule a M'chigwa cha Bwanje Akudikira Ophunzira Athu

Mvula yoyamba ikagwa m'chigwa cha Bwanje, m'boma la Ntcheu, madambo amasokosera usiku wonse ndi kulira kwa achule, ndipo alimi amadziwa kuti dzinja lafika. Koma anthu okhoza kuzindikira mtundu wa chule pongomva kulira kwake ngowerengeka m'dziko muno, pakuti nzeru yotere siipezeka m'kalasi mokha.

Mabuku aakulu onena za achule a kuno analembedwa ndi alendo. Arthur Loveridge anayendera Nyasaland ndi Tete m'zaka za 1948 ndi 1949, nasindikiza zimene anapeza mu 1953. Mu 1963 J. C. Poynton analongosola kachule ka m'phiri la Mulanje kotchedwa Nothophryne broadleyi. Mayi Margaret Stewart a ku America anatulutsa buku la Amphibians of Malawi mu 1967, ndipo Vincenzo Mercurio anatulutsa lina mu 2011.

Ntchitoyi njofunika msanga. Kafukufuku wa dziko lonse lapansi amene anasindikizidwa mu 2023 anapeza kuti mitundu 41 mwa mitundu 100 iliyonse ya achule ndi abale ake ili pangozi ya kutha. Chule amamwa madzi kudzera pakhungu, motero mankhwala a m'minda akalowa m'dambo amamupweteka mwamsanga. Achule akachepa, mlimi amataya mthandizi amene amamudyera tizilombo popanda malipiro.

Chifukwa chake mnyamata kapena msungwana wotsiriza maphunziro a zamoyo ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba, kapena ku Bunda, ayenera kukhala ndi mkulu womutsogolera. Mkuluyo ayende naye m'dambo usiku tochi ili m'manja, amuphunzitse kujambula kulira kwa achule, kusiyanitsa mbululu za mitundumitundu, kulemba tsiku ndi malo mosalakwitsa, ndi kufunsa mwaulemu alimi amene akhala m'chigwamo moyo wawo wonse. Ntchito yotere imafuna nyengo zingapo za mvula. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Aphunzitsi ndi alangizi a zaulimi a ku Bwanje ali ndi gawo lawo. Angathe kulandira ophunzirawa, kuwaonetsa kwa mafumu, ndi kulimbikitsa ana a sukulu kulemba tsiku limene achule ayamba kulira chaka ndi chaka. Akatero, buku lalikulu lotsatira lonena za achule a m'Malawi lidzalembedwa ndi mwana wa dziko lino.